Kompyuta Imene Tidawotchera Bambo

Thanh Ha, 30 Ogasiti 2010

Wokondedwa mlongo wanga Diu,

Ndikhulupirira uli bwino ku Taiwan kumeneko pamodzi ndi agogo amene ukuwasamalawo. Kuno tadzuka. Abakha onse alipo kupatula mmodzi amene adagundidwa ndi njinga yamoto. Usadabwe kuti ndakulembera papepala pamene udatisiyira kompyuta. Kompyutayo sindikuikhulupirira masiku ano, ukawerenga umvetsa.

Ukudziwa kuti chimwalirire bambo, amayi kudya kudawachoka. Phala la mpunga amangolivundula ndi supuni nkulikankhira kwa mphaka. Mphaka wanenepa, amayi atha. Mphete yawo idayamba kuvuka yokha, mpaka ndidaikulunga ndi ulusi.

Tsono mwezi wachisanu ndi chiwiri wa kalendala ya makolo utakhala wathunthu, nthawi yokumbukira akufa, tidapita kwa a Phiet, ogulitsa zinthu za pepala zowotchera akufa aja, kukagula za bambo. Tidatenga malaya, ndalama za kwa akufa, chipewa ndi njinga. Azakhali adawonjezapo kamtsikana ka pepala koti kazikawaphikira. Tikutuluka, amayi adaona kompyuta ya pepala ili pamwamba pa shelefu. Adati, "Iyonso."

Ndidati, "Amayi, bambo ngakhale wailesi ankaitsegula ataima patali."

Adati, "Nanga Diu azimuona bwanji?"

Tidagula, tidawotcha pabwalo, phulusa tidakathira mumtsinje.

Sabata isanathe ndidatsegula kompyuta yathu kuti ndione ngati walemba, poti chichitikireni maliro amene bwana wako adakukaniza kubwera aja sunawalemberepo amayi. Yako sindidaipeze. Ndidapeza imelo yachilendo. Mutu ilibe. M'kati mulibe ngakhale kadontho. Dzina la wotumiza ndi zilembo zosakanikirana ndi manambala, ngati nkhuku yayenda pa mabatani. Ndidaitana amayi. Adaiyang'ana nthawi yaitali, kenako adati, "Ndi bambo ako."

Ndidati, "Mwadziwa bwanji poti simunalembedwe kanthu?"

Adati, "Ndiye chifukwa chake. Ndani wina angatumize kalata kuchokera kutali konseko osanenamo kalikonse?"

Tsiku limenelo adadya mbale ziwiri za mpunga ndi nsomba, mpaka kutafuna mutu.

Ine ndiye tulo tidandithawa. Komwera tiyi anthu akuti kuli akuba olowera mu waya, ndipo amakuonera pa kadiso kali pamwamba pa galasi kaja. Kadisoko ndamatapo pulasitala. Ndikatseka kompyuta ndimazula waya, ndimaivundikira ndi dengu la nkhuku, pamwamba nkuikapo njerwa. Kabati imene muli mapepala a malo athu ndaitembenuzira kukhoma. Khola la abakha silioneka kuchokera pathebulopo, ndayesa ndekha kukhala pamene pali kompyutayo nkusuzumira.

Undiuze msanga, kodi ndi bambo kapena akuba? Ngati ndi bambo, kodi vayirasi ingawagwire kumene aliko? Utumizenso mafuta opaka m'maondo aja, amayi akuti ndi okhawo amene amawamva.

Ine mchimwene wako,
Tuat

Thanh Ha, 9 Seputembala 2010

Mlongo wanga Diu,

Moni. Sindikudziwa ngati kalata yanga yoyamba yafika, kapena akuba aja alowa kale ndi ku positi komwe. Lamlungu utaimba foni ndimangoti "inde, inde" chifukwa amayi anali atakhala pamphuno panga. Komanso foni nayo ili ndi waya.

Makalata opanda mawu aja adabweranso. Amayi adandituma kwa a Phiet kukafunsa chimene bambo akulepherera kulemba. A Phiet adakanda chibwano nkufunsa, "Mudatenga iti ija, ya pashelefu kapena ya m'bokosi?"

Ndidati, "Ya pashelefu."

Adati, "Ooo. Ija mabatani ake ngojambula chabe. Munthu adina chiyani? Mudakonda zotsika mtengo, lero mkulu uja akuvutika."

Adanditulutsira mabatani a pepala otukuka bwino, ndi kambewa kake kodinira komwe. Nditafika kunyumba amayi adakumbukira kuti magalasi a bambo adatsala m'kabati, sitidawaike m'bokosi la maliro. Ndidapalasanso njinga kukagula magalasi a pepala. A Phiet akuti sabata yamawa kubwera makina osindikizira makalata. Ndikuona ngati akundiyembekezera.

Titawotcha zimenezo amayi adati ndi mwano kulandira makalata a munthu wamkulu osayankha. Ndidakana, ndidalongosola za akuba, koma adangoika timitengo todyera pansi nkukankha mbale. Ukadakhala iwe ukadatani? Ndidakhala pansi nkulemba ndi chala chimodzi zimene ankanena: "Bambo ake a Tuat, talandira. Abakha ali bwino. Denga la kukhitchini likudonthabe pamene mudati mukonza paja. Muzivala chipewa." Ndidadina potumiza.

Kutacha tidapeza makalata atadzaza galasi lonse, onse opanda mawu, mayina osiyanasiyana. Ndidati, "Amayi, munthu mmodzi mayina onsewa?"

Adati, "Akubwereka maadiresi a anzawo a ku nkhondo aja. Bambo ako adayamba agulapo chinthu choti angathe kubwereka?"

Tsopano m'mawa uliwonse timayankha, iliyonse payokha, kuopa kuti anzawowo angakhumudwe. Amayi akuti bambo ali moyo sadawalankhulepo kawirikawiri chonchi. Akudya bwino. Dzana adapita okha kumsika ndipo adakangana ndi mayi wogulitsa nkhanu mpaka anthu kuunjikana, monga kale. Amene tawonda ndi ine ndi mphaka.

Yankha, mlongo wanga. Njerwa ndawonjeza, tsopano zilipo ziwiri.

Tuat

Taichung, 10 Seputembala 2010

Achimwene a Tuat,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ya Ogasiti yafika dzulo. Ndakaiwerengera kubafa chifukwa ndimaseka kwambiri, agogo anga kuno nkumayesa ndikulira, mpaka adandipatsa switi.

Achimwene, si bambo. Si munthu nkomwe. Ndi makina a anthu achinyengo amene amatumiza makalata otere kwa anthu miyandamiyanda, monga ana oponya miyala pamadenga kuti amve kumene galu auwe. Nyumba imene yayankha amadziwa kuti muli anthu, ndiye amabwera ndi anzawo. Kalata yopanda kanthu payokha siluma. Chachikulu nchimodzi: musayankhe. Ndikubwerezanso chifukwa ndikukudziwani, musayankhe. Musadinenso pa chithunzi kapena pa mawu alionse odulidwa mzere kunsi.

Dengu ndi njerwa chotsani, muswa galasi. Pulasitala ikhale ngati ikukuthandizani kugona. Akuba a pa intaneti abakha anu alibe nawo ntchito, ndipo vayirasi sigwira anthu, amoyo kaya akufa.

Za amayi ndiye zandikondweretsa. Musakangane nawo. Asiyeni aziyang'ana makalatawo ngati zikuwadyetsa, bola zithere poyang'anapo.

Mafuta a maondo ndapatsira mayi wina wa kwathu konko amene akubwerera mwezi uno.

Mlongo wanu,
Diu

Thanh Ha, 24 Seputembala 2010

Diu,

Moni, ngakhale mtendere kuno kulibe. Kalata yako yoti tisayankhe idafika titayankha kale makalata ochuluka kuposa abakha athu. Galu adauwa, mlongo wanga, ndipo galuyo ndine.

Tsopano makalata adayamba kubwera ndi mawu. Amayi adawomba m'manja, akuti magalasi afika. Koma mawuwo ndi a Chingerezi. Ndidafunsa kuti bambo Chingerezi adachiphunzira liti, iwo adati kumeneko kuli anthu a mitundu yonse ndipo nthawi ndi yambiri. Adavala malaya awo a ku ukwati aja, tidamanga kompyuta pa njinga, mpaka kwa a Doanh, okonza makompyuta pafupi ndi msika, kuti akatiwerengere.

A Doanh adatsegula yoyamba, adawerenga chamumtima, nkuyamba kutsokomola. Adati, "Agogo, iyi ndi ya mankhwala."

Amayi adati, "Akudwala?"

"Ayi. Ndi mankhwala a abambo. Oti azikhala ndi mphamvu."

"Mphamvu ya kumunda?"

A Doanh adayang'ana ine, ine ndidayang'ana kudenga. Adati, "Ya kuchipinda, agogo."

Anyamata amene ankasewera pa makompyuta ena onse adasiya kusewera. Amayi adati, "Pitiriza, mwanawe."

Yachiwiri idali ndi chithunzi cha mkazi wa tsitsi lachikasu. Akuti ali yekhayekha ndipo akufuna mwamuna wa mtima wabwino. A Doanh adayesa kulongosola zomwe udalemba iwe zija, kuti ndi zinyalala zotumizidwa kwa aliyense, koma amayi anali atanyamula kale chipewa. Panjira adati, "Ndi kamtsikana ka pepala kaja. Ndidanena ine kuti tikamete tisanakawotche, azakhali ako nkumati ndine wansanje."

Ndidati, "Koma kaja tsitsi lake lidali lakuda."

Adati, "Kadadutsa pamoto."

Titafika adachotsa kapu ya mowa ya bambo pa guwa la makolo. Adafukiza lubani kwa malemu agogo, kuwauza kuti apite akaone zimene mwana wawo akuchita. Kenako adandiuza yankho loti ndilembe, limene sindingalibwereze papepala. Madzulo adadya mbale zitatu. Akuti ayenera kusunga mphamvu chifukwa tsiku lomwe adzafike kumeneko kudzakhala mlandu.

Ponena za kudina pa chithunzi, ndidadina. Amayi ankafuna kuiona bwino nkhope ya mkaziyo. Chiyambire pomwepo kompyuta ikudwala. Mawindo akungotseguka okha, ikutentha, ikulira ngati chigayo. A Doanh akuti ndi vayirasi. Ndikudziwa udati sigwira anthu, komabe ndikumasamba m'manja ndi sopo ndikaigwira. Akuti akhoza kuitsuka nkutseka khomo kuti muzilowa makalata ako okha. Mawa amayi akapita kukachisi ndiipititsa mobisa.

Mafuta afika. Zikomo.

Tuat

Thanh Ha, 7 Okutobala 2010

Mlongo wanga,

Moni sindikupatsa wautali. Ndidachita zonse zoyenera ndipo zinthu zaipa.

A Doanh adaitsuka kompyuta. Siikutenthanso, siikuliranso. Mkazi wa tsitsi lachikasu adapita, mankhwala adapita. Makalata opanda mawu nawonso adapita. Akuti akumagwera m'dzala lina m'kati momwemo nkumafufutika okha.

Amayi m'mawa uliwonse amakhala patsogolo pa galasi atathira tiyi m'makapu awiri. Palibe chimene chimabwera. Amadikira mpaka tiyi azizire, nkunena kuti, "Ndidawakalipira mopyola." Kapu ya mowa adaibwezera paguwa, adawonjezapo ina. Tidawotchanso kompyuta yachiwiri, ya m'bokosi ija, ndi makina osindikizira omwe. A Phiet akuti mwina vuto ndi magetsi a kumeneko ndipo ali ndi jenereta ya pepala. Ndidangotuluka.

Kudya aleka. Abwerera pa phala lovundula ndi supuni lija. Ulusi wa pa mphete ndawonjezanso.

Dzulo ndidalimba mtima. Ndidati, "Amayi, sanali bambo. Adali makina."

Adati, "Makina amakwiya? Nanga adalekeranji nditangowatukwana?"

Ndikadanena kuti ndine ndidatseka khomo, ndiye kuti ine mwana wawo ndathamangitsa bambo pakhomo pawo. Ndidapita kwa a Doanh kukapempha kuti atsegulenso. Adaseka mpaka kugwira thebulo, akuti chiyambire ntchito yawo sadaonepo munthu wodzapempha kuti amubwezere zinyalala zake. Akuti akatsegula, abwera onse, ndi vayirasi yomwe, chifukwa adiresi yathu tsopano ndi yotchuka kwa akuba kuposa msika wa Hai Duong.

Ndikatsegula alowa akuba. Ndikatseka amayi akupita. Iwe udafika patali ndi sukulu, ine ndidalekera panjira kuti ndiziweta abakha. Ganiza ndiwe.

Tuat

Taichung, 18 Okutobala 2010

Achimwene,

Ulendo uno sindidaseke. Makalata anu atatu afika motsatizana, ndawawerenga nditakhala pamasitepe.

Khomo musatsegule. Mverani bwino. Ndatsegula adiresi ina yatsopano, ndailemba kuseri kwa pepalali. Ndaipanga ngati nkhuku yayenda pa mabatani, monga mudanenera. Pitani nayo kwa a Doanh aiwonjezere pa makalata ololedwa kulowa. M'mawa uliwonse ndisanawadzutse agogo anga ndizitumiza kalata yopanda mutu, yopanda mawu. Amayi musawauze. Nkhope yanu ndikuidziwa, imaulula yokha, ndiye ikafika kalatayo inu muzipita kukaona abakha.

Mudandinena kuti sindinawalemberepo amayi chichitikireni maliro. Nzoona. Ndimakhala pansi, ndimaika zala pa mabatani, mawu nkundithawa. Ndiyambira pati, ine amene sindidaponye ngakhale dothi pamanda? Pafoni ndimafunsa za maondo nthawi nkutha. Kalata yopanda mawu ndiye ndingaithe. Mwina ndidatengera bambo.

A Phiet musawapatsenso kanthu. Jenereta akawotchere makolo awo.

Diu

Thanh Ha, 5 Novembala 2010

Diu,

Iyi ndikulemba pa kompyuta chifukwa positi ichedwa. Ndayamba m'mawa ndi chala chimodzi, pano dzuwa lapendeka. Akuba ngati mukuwerenga, dziwani kuti pakhomo pano palibe chakuba ndipo tili ndi galu.

Kalata yako yoyamba yopanda mawu itafika ndidatsala pang'ono kufa. Sudandiuze kuti makalata ochokera kumeneko amabwera ndi kamzere ka malonda kunsi, ka zilembo za Chitchaina. Ndidati basi tagwidwa. Kwa abakha sindidapite. Amayi adasendeza nkhope pafupi ndi galasi, adanyamuka, adakatenga ndalama ya pepala yotsala ija paguwa nkuiika pambali pa kamzereko. Adati, "Zilembo zake nzomwezi. Tsopano akutumizira ku ofesi yeniyeni, osati zobwereka zija." Adaitanitsa mpunga. Chiyambire tsikulo akudya, ndipo mayi wa nkhanu uja akuti ayamba kumabisala akawaona.

Dzulo ndi pamene adati tiyankhe. Yankholo waliwerenga kale poti lidafikira kwa iwe, koma ndikulibwereza kuti undithandize kulimva, chifukwa ine mutu ukuzungulira. Adati ndilembe chonchi:

"Bambo ake a Tuat, za mtsikana uja ndakukhululukirani. Ndaona kuti masiku ano mukusunga nthawi, chinthu chimene muli moyo chidakukanikani, ndipo mukumadzuka msanga ngati anthu a ku Taiwan. Inu musavutike ndi mawu, ndidakuzolowerani. Koma mukamuona mwana wanu Diu mumuuze kuti iye sukulu adapita, zala ali nazo zonse, ndipo mabatani ake si ojambula. Za maliro palibe amene adamusungira mlandu. Alembe."

Ndidafunsa kuti, "Amayi, bambo akamuona kuti Diu?" Adati, "Iwe lemba, usandifunse ngati wapolisi."

Ndiye kodi akudziwa kapena sakudziwa? Ngati akudziwa, adayamba liti? Kodi za a Doanh akudziwanso? Nanga njerwa zija ankandiona bwanji?

Lero m'mawa yafika yako ya dzina lako lenileni, ya mawu awiri ija: "Amayi, mwadya?" Ndawawerengera. Ati ndibwereze, ndabwereza. Apita kukhitchini, abwera ndi mbale ya mpunga ndi dzira la bakha, akhala patsogolo pa kompyuta, nkumatula pulasitala yanga pa kadiso kaja.

Ndati, "Amayi, Diu sangakuoneni pokhapokha titamuimbira. Amene angakuoneni pano ndi akuba."

Ati, "Aone. Nawonso ali ndi amayi awo."

Adya yonse pamaso pa kadisoko, pang'onopang'ono, mpaka kambewu komaliza. Ine ndaima pambali ndi pulasitala yatsopano m'manja. Atamaliza apukuta pakamwa, ayang'ananso pagalasi, nkufunsa kuti, "Nanga ya bambo ako lero ili kuti?"

Ndawauza kuti mwina magetsi azima kumeneko. Andiyang'ana mpaka ndapita kukaona abakha.

Choncho mawa utumize ziwiri, yako ya mawu ndi ya bambo yopanda mawu. Ya bamboyo uzichedwetsako masiku ena.

Mchimwene wako,
Tuat